Golovesi Yakumanja ya a Maulidi

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Lestina, amene anathyola tiyi zaka makumi awiri, tsiku lina mvula itatitsekereza pakhonde la golosale ku Khonjeni.

Chinali chaka cha 2000, wailesi ikungonena za Ebola ya ku Uganda. Mwajabu ankagulitsa mandasi pageti la esiteti ina, ndipo amuna ake, a Hamdan, ankayendetsa lole mpaka kunja kwa dziko. Ulendo wina anabwera thupi likutentha, mutu ukung'amba. Anamwa Fansida, osasintha. Tsiku lachisanu Mwajabu powapukuta kukamwa anaona magazi m'nkhama, ena akudontha m'mphuno. Anathamangira kudispensale.

A Dickson, dokotala wa pamenepo, anafika nkuima pakhomo, osalowa.

"Mwawagwira ndi manja?" anafunsa.

"Nanga ndikanawagwira ndi chiyani, adokotala?"

A Dickson anati, "Mayi, sindikunena kuti ndi Ebola ija. Koma ikakhala iyo, siyenda ndi mphepo ayi. Imayenda m'magazi, m'masanzi, m'thukuta. Ndipo munthu akamwalira, thupi lake ndiye limapatsira kuposa ali moyo. Valani majumbo m'manja, chilichonse muviike mu Jiki. Asalowe wina."

Mwajabu anayang'ana zikhatho zake. Zinali zoyera bwinobwino, ndipo nzimene zinamuopsa kwambiri.

A Hamdan anatsirizika m'mawa mwake, mabelu a kufakitale akulira. Mwajabu sanalire mokweza. Anatuluka, nakhoma chitseko ndi loko, kiyi nkumumanga pansonga ya chitenje. Ankadziwa amene akubwera: a Maulidi, akulu awo a malemu, amene ankasambitsa maliro onse a amuna kumzikiti wa kumeneko. Kunyumba kwa a Maulidiwo kunali ana asanu ndi mkazi woyembekezera.

Anafikadi, ndowa kumanja, sanda m'khwapa.

"Alamu, kiyi."

"Sindipereka."

"Mwati bwanji? Dzuwa lisanalowe akhale atagona m'manda. Ndasambitsa alendo osawadziwa ndi dzina lomwe, lero wanga ndimuike ndi litsiro ngati mbuzi?"

Anthu a m'komboni anali atayamba kusonkhana. Mayi wina anati, "Ameneyu akubisa kanthu. Wawadyetsa chiyani amuna ake?" Mwajabu anatsamira chitseko.

"Ine ndawagwira kale, alamu. Ngati nkufa, ndayamba kale. Inu mukasambitsa, manja omwewo mukanyamula nawo ana. Mukufuna maliro angati?"

A Maulidi anatula ndowa pansi, koma sanachoke.

Amene anamasula mfundoyo ndi a shehe, atamva kwa a Dickson. Anati madzi akakhala oopsa, chipembedzo chimalola kuyeretsa maliro ndi fumbi loyera, kumaso ndi m'manja basi. A Dickson anakabwereka zovala za anthu opopera mankhwala m'minda ya tiyi: majombo, epuloni ya pulasitiki, chophimba kumaso ndi magolovesi ofika m'zigongono. A Maulidi anavala akung'ung'udza. "Ndikukaika m'bale wanga kapena ndikukapopera udzu?"

Mwajabu anatsekula, naima pawindo. Anaona alamu ake akuchita zonse monga anauzidwira. Koma atatenga sanda kuti aphimbe nkhope, anaima. Diso limodzi la malemu linali lisanatsekeke bwino. A Maulidi anavula golovesi yakumanja, nalitseka disolo ndi chala, nasisita chipumi.

"Alamu!" anakuwa Mwajabu.

"Mng'ono wanga sangapite atagwidwa ndi labala yekha," anayankha osacheuka.

A Dickson anawasambitsa dzanjalo mu Jiki mpaka khungu linatuwa. Kenako ananena kuti a Maulidi ndi Mwajabu akhale kwaokha masabata atatu, aliyense chipinda chake, m'kanyumba kosungira madengu kumapeto kwa munda. Chakudya ankachikankhira pakhomo ndi ndodo yaitali ija othyola tiyi amayezera nayo msinkhu wa mitengo. M'mawa uliwonse Mwajabu ankalavulira pa tsamba, nkuyang'anitsitsa ngati malovuwo afiira.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anamva mano akugwedezeka kuseri kwa khoma.

"Alamu, mwadzuka bwanji?"

"Thupi latentha. Akabwera mayi a ana, muwauze aime patali. Ndipo ndikapita, asandisambitse munthu. Mwamva? Ngakhale mmodzi."

Masiku anayi Mwajabu anamvetsera kubuula kwa alamu ake, akudziletsa kukankha chitseko. Mkazi woyembekezera uja ankaima kutsidya la mizere ya tiyi, ana atawagwira mwamphamvu. Tsiku lotsatira a Maulidi anapempha phala. Masabata atatu atakwana anatuluka onse awiri, owonda, koma amoyo. M'komboni simunadwale wina aliyense.

Umu ndi mmene anandiuzira mayi Lestina. Koma ine ndikukayika. Ndayenda Thyolo yense, kwa Nsabwe mpaka kwa Khwethemule, ndipo palibe wachipatala amene anandiuza kuti matendawo anafikako kuno. Magazi a malemu sanawayeze. Mwina a Maulidi anali malungo chabe, mwinanso a Hamdan anafa ndi zina. Ngati loko uja anapulumutsa anthu kapena anangochedwetsa maliro, ine sindikudziwa.