Chiuno Chimene a Kholowa Sanachiyeze

Diresi lake linali la mikanda yokhayokha, lolemera ngati thumba la simenti, lowala moti ntchentche zinkatera pafupi zitatsinzina. Analisoka ndi a Kholowa, telala wa pa khonde lina ku Limbe, kusokera mkazi wa mfumu ya ku Iguputo. Tsiku limene mayiyo analivala, ngamila zinagwada, mtsinje unaima kaye kuti uone, dzuwa linachita manyazi n'kukabisala masiku atatu. Amatero a Kholowa, mapini ali kukamwa, tepi ili m'khosi. Koma ukangowayang'ana osaseka, amayamba kuseka ndi iwowo, n'kuvomera kuti ayi, zonsezo n'zabodza. Kutali kumene anafikako ndi ku Mwanza, ndipo anabwerako tsiku lomwelo chifukwa m'mimba munavuta.

Khondelo ndiye si labodza. Mwezi wa Okutobala fumbi la kumeneko silipuma. Limadzuka ndi minibasi yoyamba, limayenda ndi mawilibala, limakwera masitepe ngati kasitomala, n'kutera pa makina akuda aja, pa nsidze za telala, pa masuti atatu amene eni ake anaiwala kudzatenga. Dzuwa likamatuluka cha ku Bangwe limalowa pa khondepo chammbali, lopyapyala ngati lezala, n'kulidula fumbilo pakati, uku mbee, uku bii. Makina asanu ali pa mzere, mapazi khumi akupalasa, ndipo phokoso lake limamveka ngati mvula ya pa malata, mvula imene aliyense akuidikira koma siikubwera.

Pa khonde limeneli a Kholowa asokapo za ukwati ndi za maliro, za sukulu ndi za kwaya, ndi mabuluku a abambo amene mimba zawo zimakula mwezi ndi mwezi eni ake n'kumanamizira nsalu. Ankati palibe thupi limene lingawadabwitse. Ndiye Lachiwiri lina kunatulukira Ndaziona, mwana wa mlongo wawo, mtsikana wogwira ntchito pa famase, pogulitsa mankhwala, foni ili m'manja, jumbo ikulira yokha m'khwapa.

M'fonimo munali mayi wina akuvina. Mutu phee, ngati wasenza ndowa yodzaza. Mapewa phee. Mapazi osaoneka kuti akuyenda. Koma chiuno chinali pa ulendo wakewake, chikupita uku, chikubwerera, chikuzungulira ngati madzi a mumtsuko umene wangotulidwa kumene. Pamimba panali poyera, ndipo m'chiunomo munali lamba wa tizitsulo tozungulira, tikunjenjemera ngati masamba a bulugamu. A Kholowa anaonapo chioda, anaonapo chimtali, anaonapo kudikula kwa pa ukwati kumene kumagwetsa mipando ndi maanja omwe. Koma uyu anali gule wina, gule wosathamanga, wosadumpha, wongolankhula chapansipansi. Anamubweza kanemayo katatu, chala chikusiya choko pagalasi.

Guleyu Ndaziona wakhala akumuphunzira chaka chathunthu kwa mayi wina wa Chiluya ku Namiwawa, akaweruka ku ntchito. Loweruka masana kuli chionetsero cha magule a mayiko osiyanasiyana mu holo, ndipo iye akavina yekha, koyamba, pamaso pa anthu. Amayi ake, a Nachisale, mayi wa duku loyera wosajomba ku mapemphero a Lachinayi, avomera kubwera. Koma anena mawu amodzi okha: akangoona mchombo adzuka, atenga chikwama, atuluka, ndipo za guleyu zisadzamvekenso m'nyumba mwawo.

"Ndiye amalume, mundisokere choti mayi akhale pansi, koma gule aoneke."

"Zazing'ono zimenezo. Ine ndinavekapo njovu bulauzi."

"Njovuyo amayi ake anali ngati anga?"

Koma a Kholowa vuto lina linali litawaimira kale kutsogolo. Malume sayeza chiuno cha mwana wa mlongo wake. Sazunguliza tepi, sayang'ana chikamagwedezeka. Kwathu kuno mikanda ya m'chiuno imakhala mkati, pansi pa nsalu ziwiri, ndipo mtundu wake amaudziwa ndi mwamuna wa m'nyumba yekha. Tsono awa ndi anthu amene anaitulutsa mikandayo panja, n'kuipatsa mawu, n'kuiuza kuti iyankhule pagulu. Anthu otani amenewa? Anayamba bwanji? Ndani anali woyamba kulimba mtima? Ndaziona anakadziyeza yekha kuseri kwa katani n'kumatchula manambala, iwo akulemba ndi choko pa thabwa la makina, nkhope italoza kumsewu ngati akudikira basi.

Analowa m'sitolo ya nsalu imene khondelo ndi lake. M'menemo ndi mozizira ngati m'chitsime, mipukutu yaima mpaka kudenga, fungo la utoto ndi lubani lili guu. Mtsikana akakhudza nsalu, malume akana. Malume akakhudza, mtsikana akana. Chitenje chimaima chokha ngati mpanda, chiuno chikapita kumanzere icho chimatsalira chikuganiza. Satini amaterera, ndipo thukuta likangotuluka amalengeza kwa holo yonse. Veleveti ndi wokongola, koma Okutobala uno munthu angatulukemo atapsa, wongofunika mchere. Pa neti anaimapo nthawi yaitali, chifukwa ena amaphimba mimba ndi neti ya mtundu wa khungu, kuti wakutali aziona ngati palibe kanthu ndipo wapafupi aziona kuti pali kanthu. A Kholowa anaikweza ku windo, kuwala kukudutsa ngati madzi m'sefa, n'kuibweza. Mlongo wawo amawadziwa. A Nachisale amatha kuona nsabwe ili pamwamba pa phiri la Soche, n'kukuuza kuti ndi yaikazi.

Pomaliza, pansi penipeni, anapeza nsalu yotanuka ya mtundu wa jambula wakupsa. Ukaikoka imabwera, ukaisiya imabwerera. Siionetsa khungu, koma siibisa kuyenda kwa thupi. Ndaziona anaikulunga pa mkono n'kupinda chigongono, nsalu inapinda naye limodzi osatsutsa. Anagwirizana kuti likhale diresi limodzi, kuchokera pakhosi mpaka mu akakolo, mikono yaitali.

Lachitatu a Kholowa anasoka ngati akuthamangitsidwa. Atatha anatsegula jumbo ija, n'kupezamo tizitsulo ndi mikanda ndi mphonje, ndipo mtima wa telala unawakulira. Anasokerera pachifuwa, anasokerera m'mikono, anasokerera m'mphepete monse, osasiya malo oti ntchentche ipumirepo. Madzulo mtsikanayo anakayesa m'kachipinda kosungiramo mipukutu kuseri kwa sitolo, iwo atakhala pakhomo chofulatira, makutu okha ali pa ntchito. Chimene anamva chinali ngati ndowa ya misomali yagwa pa masitepe.

"Chilichonse chikulira, amalume. Ndikapuma chikulira, ndikaphethira chikulira. Gule wasowa."

A Kholowa anasomola zonse. Anagona nalo funso, anadzuka nalo. Ngati mutu ukhala phee, mapewa phee, ndiye kuti choyankhula ndi chimodzi chokha, ndipo mawu apatsidwe chimenecho basi. Lachinayi m'mawa anasoka lamba yekha, wa nsalu yomweyo. Koma lambayo akhale pati? Alemere mbali iti? Mphonje zitalike bwanji? Kanema sayankha mafunso, manambala a choko savina, ndipo mwini chiuno sangamuyang'ane.

Masana, atelala anzawo atapita kukadya, a Kholowa analowa m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Munali bii, kupatula kabowo kamodzi ka pa lata kamene kankagwetsa dzuwa pansi ngati chingwe. Lamba sanakwane mimba yawo, ngakhale theka. Anatenga kansalu ka khaki kotsala pa buluku limene anadzisokera okha mwezi watha, anakalumikiza mwachangu, n'kusokererapo ngowe yachiwiri. Anamanga pa mchombo, pamene amamanga lamba wa buluku masiku onse, n'kugwedeza. Zii. Mimba inagwedezeka yokha ngati phala, tizitsulo tili gone. Anamutsitsako. Zii. Anamutsitsanso mpaka anakhala pa mafupa awiri aja a m'mbali, mafupa amene iwo anali ataiwala kuti ali nawo, n'kukankha kumanzere pang'ono.

Ngwe.

Anaima. Anakankha kumanja. Ngwe. Zaka makumi anayi chiuno chimenechi chakhala pa kampando chikutumikira mapazi, chosafunsidwa kanthu, ndipo lero chafunsidwa kamodzi kokha n'kuyankha. Anapitiriza. Anapeza kuti kutsogolo kukalemera lamba amagwa mphuno, kuti kulemera kumafunika m'mbali. Anapeza kuti mphonje zazitali zimachedwa, zimabwera m'mbuyo ngati galu wokalamba, ndipo zazifupi zimapupuluma, zimayankha usanafunse. Zabwino ndi zotalika ngati chikhatho, zimene zimadikira kamphindi kenaka n'kuvomera. Ndipo pamene anasunthira pansi pa chingwe cha dzuwa chija, khoma lonse linadzuka. Timadontho ta kuwala tinabalalika pa njerwa, pa mipukutu, padenga, waliwali ngati usipa m'madzi osaya. Akaima, tiima. Akanjenjemeretsa maondo, tinjenjemera. Munthu wa imvi, wa ana asanu ndi zidzukulu zitatu, anaima m'mdima akuyendetsa nyenyezi ndi mafupa. Anasiya pokhapokha atamva makina a pa khonde ayambanso kulira.

Lachisanu mitambo inaunjikana cha ku Thyolo, yakuda bii m'munsi, yoyera mbee pamwamba, ndipo mphepo inabwera ndi fungo la dothi lonyowa la kwinakwake. A Nachisale anafika ndi ambulera, chikwama chili pa chifuwa ngati chishango. Sanafune kudikira Loweruka, anati ngati n'kutuluka, kuli bwino atulukire pano anthu asakuona. Anawapatsa mpando m'kachipinda muja, Ndaziona atavala kale diresi ndi lamba. A Kholowa anakhala pa mpukutu, nkhope kukhoma, msana kwa mwana wa mlongo wawo. Dzuwa linali likadalipo pa kabowo kaja, likuzima n'kuyakanso pamene mitambo inkadutsa.

Ng'oma inayamba m'foni. Poyamba khoma linali duu. Kenaka kadontho kamodzi kanasuntha, kenaka khumi, kenaka onse. Koma awa sanali madontho a dzulo, obalalika ngati nkhuku zoona mphamba. Awa ankayenda pamodzi. Ankatsetsereka kumanzere, n'kuima ngati afika pa mtsinje, n'kubwerera. Ankazungulira pang'onopang'ono ngati utsi wa m'mawa wopanda mphepo. Ankanjenjemera malo amodzi nthawi yaitali, yaitali, mpaka a Kholowa anazindikira kuti asiya kupuma. Lamba ankayankhula, n'kukhala chete, n'kuyankhulanso, ndipo pa kukhala chete pamenepo ndi pamene guleyo ankamvekera kwambiri. Anamuona yense, chiyambire mpaka mathero, osatembenuka ngakhale kamodzi. Khutu limodzi lokha linali kwina, likudikira mpando kuti ukhwekhwereze, zipi ya chikwama kuti ilire, chitseko kuti chitseguke.

Ng'oma inatha. Khoma linazima. Patali bingu linang'ung'udza ngati munthu amene sakufuna kuvomera msanga. Mpando sunasunthe.

"Achimwene," anatero a Nachisale, "mkono wakumanzerewu ukumukoka m'khwapa. Muumasuleko." Anatsokomola pang'ono. "Iwe, mawa tinyamuka nthawi yanji? Ndikufuna mpando wakutsogolo. Kumbuyo sindiona bwino."

Kunangomveka tizitsulo tikunjenjemera tokha, ndipo a Kholowa anadziwa kuti kumeneko si kuvina. Atauzidwa kuti atembenuke, anapeza mtsikanayo atafunda chitenje, lamba ali m'manja, maso ali psuu koma mano onse ali panja. Mlongo wawo ankaunguza diresi ndi zala, msoko ndi msoko, ngati akufuna pomwe angadandaulire.

"Koma lambayu wakhala bwino," anatero a Nachisale. "Munadziwa bwanji pomuika, munthu simunamuyeze?"

Apa mtima wa a Kholowa unabwerera m'malo mwake, ndipo lilime linamasuka. Anati zimenezi n'zamaphunziro. Anati kuli telala wina wa diso limodzi ku Iguputo, wa zaka zana ndi makumi awiri, amene amasoka ndi ndevu zake zomwe, ndipo ameneyu ndiye anawatumizira chinsinsi chake m'kalata yomatidwa ndi uchi. Anati telala weniweni sayesa chovala, amangochinunkhiza. Iwo lambayo sanamugwedeze n'kamodzi komwe, anangomuyang'ana, lamba n'kuchita mantha, n'kukhala bwino yekha.

Ndaziona ankamvetsera akutembenuza lambayo m'manja. Chala chake chinakodwa penapake mkati mwa mpendero. Anakoka, ndipo kunatuluka kansalu kopindidwa, kakutambasuka, kakutambasukabe, mpaka kanalendewera kufika m'maondo, kangowe kali kumapeto lendelende. Anakayang'ana kansaluko. Anayang'ana miyendo ya malume ake. Anakagundika pa bondo lawo, mtundu n'kufanana ndendende.

"Amalume, chiuno changa ndi chija munalemba ndi choko. Nanga ngowe yachiwiriyi ndi ya chiuno cha ndani, chovala khaki wa buluku lanu lomweli?"