Mbendera ya Yolibeth

Ntchito yanga inali ya makatoni. Pa depoti ya mabasi a Don Rigoberto Turcios anthu amabweretsa katundu woti apite kwa abale awo: matumba a khofi, tchizi, nsapato za ana, nthawi zina nkhuku zomanga miyendo. Ine ndinkalandira, n'kuwerenga dzina la tauni lomwe mwini katundu walemba, n'kukweza pa basi yake. Ya ku Marcala inkanyamuka 8 koloko, ya ku Comayagua 9 koloko, ya ku San Pedro chakuma 10. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, koma zaka makumi awiri ndi zitatu sindinasokeretsepo katoni ngakhale imodzi. Palibe anandiyamikapo. Anthu amakukumbukira tsiku lomwe walakwa basi.

Kenaka maso anayamba nkhungu. Zilembo zinkasungunuka ngati zanyowa ndi mvula. Ndinadziwa kuti ndi ng'ala, chifukwa bambo anga anafa nazo, koma sindinauze munthu. Ndinaona zomwe Don Rigoberto anachitira Casimiro, wogulitsa matikiti, manja ake atayamba kunjenjemera. Anamupatsa chipewa chatsopano, n'kumugwira paphewa, n'kumuperekeza mpaka pageti.

Yemwe anandigwira ndi mdzukulu wanga Yolibeth. Ndimakhala naye awiriwiri chichokereni mayi ake, mwana wanga Nolvia, kupita ku Spain kukasambitsa nkhalamba za eni. Nthawi imeneyo Yolibeth anali ndi zaka khumi ndi zisanu. M'mawa wina ndinathira khofi pambali pa kapu, patebulo. Iye anapukuta, kenaka anakweza dzanja ali pakhomo.

"Agogo, zala zingati izi?"

"Choka apa. Ndine mnzako wosewera naye?"

"Zingati?"

"Zinayi."

"Ndagwira supuni, agogo."

Ndinamuuza zonse, ndipo ndinamulumbiritsa kuti asauze ngakhale mayi ake. Mwanayo ndiye anapeza njira. Nolvia anali atatitumizira mafoni awiri. Yolibeth anakonza yanga kuti ndikadina pakona imodzi izijambula, ndikadina pa ina chithunzi chizipita kwa iye. Iye aziwerenga dzina la pakatoni n'kundiyankha ndi mawu.

"Koma ndizikuyankhani pa buleki," anatero.

"Basi ya ku Marcala imadikira buleki yako?"

Kusukulu kwawo kunali lamulo. Pakhomo la kalasi iliyonse panali bokosi lamatabwa, mwana aliyense ankaikamo foni m'mawa n'kukaitenga poweruka. Ine lamulolo sindinalikhulupirire kuyambira pachiyambi. Ndinkati aphunzitsi akufuna azisuzumira nkhani za m'nyumba za anthu. Ndiye nzeru ya foni yakufa inali yanga. Ndinafukula foni yakale ya Nolvia, yosayaka, n'kumupatsa mwanayo.

"Iyi uziika m'bokosi. Yeniyeniyo m'sokosi."

"Akandigwira?"

"Akagwira iwe, mwana woyamba m'kalasi? Amasecha mbuli zokhala kumbuyo."

Zinayenda miyezi isanu. Ndikajambula katoni, ndinkayerekeza ngati ndikukanda khutu, ndipo ndinkamva kamawu konong'ona: "Comayagua, agogo." "San Pedro, agogo." Nthawi zina kumbuyo kwake ndinkamva mphunzitsi akuyankhula, choko chikugogoda pabolodi. Ndinkamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinkadziwa komwe mwanayo anali.

Mwezi wa Julaye anamusankha kuti adzanyamule mbendera pa perete wa tsiku la ufulu wa dziko lathu, pa 15 Sepitembala. Imanyamulidwa ndi mwana mmodzi yekha, wopambana m'maphunziro komanso wopanda banga pa khalidwe. Kubanja kwathu palibe anayendapo ngakhale pamzere wachiwiri. Nolvia analira pafoni mpaka abwana ake anamufunsa ngati kwagwa maliro, ndipo anatumiza magolovesi oyera. Yolibeth ankayeserera kuseri kwa nyumba ndi mtengo wa tsache, chigongono m'mwamba.

Anamugwira Lachiwiri lina mu Ogasiti, ali pa mayeso a masamu. Kalasi inali zii, ndipo aphunzitsi a masamu, a Nahún, anamva munthu akunong'oneza m'mkono wa juzi kuti, "Marcala." Ine tsiku limenelo ndinatumiza zithunzi zinanso zitatu, yankho osabwera, ndipo ndinatukwana mumtima kuti mwanayu wayamba ulesi.

Kalata yondiitana kusukulu anandiwerengera yekha, ataimirira. Inati womulera abwere Lachinayi, ndipo nkhani ya mbendera ikambidwanso.

"Agogo, mukakangowauza zoona..."

"Ukudziwa kuti mng'ono wawo wa aphunzitsi aakulu ndi ndani? Ndi mkazi wa Don Rigoberto. Ndikatsegula pakamwa 9 koloko, pofika 10 nkhani ili pa depoti. Tidzadya mbenderayo?"

"Mayi Ondina si otero."

"Onse ndi otero. Wakhala zaka zingati padziko iwe?"

"Ndiye ine ndikanene kuti chiyani?"

"Iwe ukakhale chete. Ndikayankhula ndine."

Lachinayi ndinavala malaya a kutchalitchi. Mu ofesi munali aphunzitsi aakulu, Mayi Ondina Maradiaga, a Nahún, ndi mayi wina wa komiti ya makolo, wogulitsa mankhwala kumsika. Nkhope zawo sindinkaziona bwino, koma mafoni awiri omwe anali patebulo ndinawazindikira, yamoyo ndi yakufa.

"Don Lalo, khalani pansi," anatero Mayi Ondina. "Kuti mwanayu amabera mayeso, ayi, zimenezo tazichotsa. Palibe funso la masamu lomwe yankho lake ndi Marcala. Koma wakhala akutinamiza ndi foni yakufa, ndipo amayankhula ndi munthu m'kalasi. Lamulo lathu lili ndi khomo limodzi. Ngati kunyumba kuli vuto lomwe linamukakamiza, womulera anene, asaine, komiti imangomuchenjeza. Ngati palibe, mbendera ipita kwa wina. Ndiye ndikufunseni: kunyumba kuli vuto?"

"Kunyumba kwanga kulibe vuto."

"Matenda kapena? Tonse tikukula, Don Lalo. Ine ndemwe magalasi awa ndi achitatu."

Ndinaganiza kuti ndi msampha, akufuna ndidzigwetse ndekha pamaso pa mayi wa mankhwala uja, yemwe pakamwa pake ndi wailesi ya tauni yonse.

"Ine ndili bwino. Ndimanyamula matumba omwe anyamata amawalephera."

"Ndikufunsani komaliza. Mukudziwa yemwe Yolibeth amayankhula naye?"

Chomwe ndinachita pamenepo ndi chomwe chandipangitsa kulemba izi. Kukhala chete kukanakhala tchimo laling'ono. Ine ndinaimirira, n'kumenya tebulo ndi chipewa, n'kutembenukira kwa mwanayo.

"Uwauze! Ndi mnyamata uti? Mayi ako akupukuta matako a azungu kuti iwe uzinong'onezana ndi amuna m'kalasi? Ana a masiku ano! Mafoni amenewa ndi a Satana, ndakhala ndikunena ine!"

Mayi wa mankhwala anati, "Ayi ndithu, zoona, Don Lalo, atha ana athu." A Nahún anatsokomola. Yolibeth sanalire. Ndinangomva akupuma, kenaka anati, motsitsa, "Pepani, agogo."

Anandipatsa pepala loti ndisaine kuti ndavomereza chilango. Ndinaika cholembera pomwe ndinkaganiza kuti pali mzere. Mayi Ondina anandigwira dzanja, n'kulitsitsa pang'ono.

"Mzere uli apa, Don Lalo."

Pofika madzulo tauni yonse inkadziwa kuti mdzukulu wa Lalo Banegas ali ndi chibwenzi ku Marcala. Ena anati ndi msilikali, ena anati ndi kondakitala wokwatira. Adelmo, dalaivala wa basi ya ku Marcala, anandiseka pa depoti kuti, "Apongozi, mukanandiuza, bwenzi ndikumunyamulira makalata achikondi ulere!" Ndinaseka nawo. Inde, ndinaseka.

Kunyumba mwanayo anapitiriza kuphika nyemba, kuwotcha matotiya, timikate tathu ta chimanga, kundiikira kapu pomwe dzanja langa lingaipeze. Foni yake inatsala kusukulu mpaka kutha kwa teremu. Ankadzuka mbandakucha n'kupita nane ku depoti, n'kundisanjira makatoni ogona pa depotipo m'milu itatu asanapite kusukulu. Obwera mochedwa ndinkafunsa eni ake ngati ndikucheza: "Ulendo wa kuti uwu?" Bwenzi ndikuchita choncho kuyambira kale. Sindinaganizepo, chifukwa kufunsa ndinkakuona ngati kuvula. Mtengo wa tsache uja unabwerera kukhala wa tsache. Mayi ake ataimba pafoni yanga, Yolibeth anawauza kuti wina anamuposa pa masamu.

Ndinapirira masabata awiri. Chomwe chinandithyola ndi chaching'ono. Ndinkafuna lumo m'kabati, dzanja langa linagwira magolovesi aja, atakulungidwa bwinobwino m'pepala lomwe anabwera nalo. Tsiku lomwelo, basi ya ku San Pedro itanyamuka, ndinapita kusukulu.

Mayi Ondina anali okha. Ndinavula chipewa, n'kunena zonse ndili chiimire: ng'ala, makatoni, foni yakufa, ndi kuti nzeru yake inali yanga. Ndinkayembekeza kuti adabwa.

"Ndikudziwa, Don Lalo. Ndinadziwa tsiku lomwe tinamugwira. Anatsegula foniyo pamaso panga kuti ndione kuti sabera mayeso. Muli zithunzi za makatoni zoposa mazana anayi. Zina ndi za chala chanu chokha."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Anandigwadira kuti ndisanene. Anati ndi chinsinsi cha agogo ake, si chake. Ndipo komiti simvera mawu a mwana wogwidwa, imafuna a womulera. Ndinakufunsani katatu. Ndinakutchulirani mpaka magalasi."

"Nanga mng'ono wanu?"

"Mng'ono wanga wachita chiyani?"

"Mkazi wa Don Rigoberto. Simunamuuze?"

"Ine ndi mng'ono wanga timakamba za mawondo a mayi athu. Za ana a sukulu zimathera mu ofesi muno."

Ndinapempha kuti ndisaine tsopano. Ndinati ndiimirira pamaso pa komiti, pamaso pa sukulu yonse ngati akufuna. Anandiuza kuti maina anapita kale ku ofesi ya maphunziro, ndipo mbendera inapatsidwa kwa mtsikana wina, Dariela, yemwe wakhala akuyeserera masiku khumi ndipo makolo ake asoketsa kale yunifolomu.

"Ndikamulande mwana wosalakwa chifukwa inu mwapeza pakamwa lero? Chomwe ndingathe ndi kufufuta mawu oipa pa fayilo yake. Koma za msilikali wa ku Marcala sizili pa fayilo. Zili kumsika, ndipo munaziika kumeneko ndinu."

Ndinafuna kuwada mayi amenewo. Ndinayesetsa njira yonse yobwerera, koma sindinapeze pogwira.

Yolibeth ndinamuuza madzulo ake kuti ndinapita kusukulu. Anali akusenda nthochi zokazinga. Anangoti, "Mwachedwa, agogo," osati mokalipa, koma ngati mmene ndimauzira munthu wobwera ndi katoni basi itapita.

Perete amadutsa kutsogolo kwa depoti. Pa 15 mabasi sanyamuka mpaka masana, ndiye tonse tinaima m'mbali mwa msewu, madalaivala, makondakitala, Don Rigoberto ndi mkazi wake pa mipando. Ng'oma ndinazimva zikadali kutchalitchi. Kenaka kunabwera chinthu chachikulu chabuluu ndi choyera chikugwedezeka m'mwamba, anthu n'kuwomba m'manja. Pambuyo pake panali mtsinje wa malaya oyera, wopanda nkhope. Mdzukulu wanga anali m'menemo, ndipo ndinaona kuti adutsa ine osadziwa.

Ndinagwira mkono wa Adelmo.

"Ali pati?"

"Ndani, apongozi?"

"Yolibeth. Ndiwonetse pomwe ali."

"Simukumuona? Si uyo apoyo?"

"Sindikuona, Adelmo. Maso anatha. Miyezi isanu yonse amandiwerengera makatoni ndi iyeyo, pafoni, ali m'kalasi. Msilikali wa ku Marcala ndine."

Ndinanena mokweza, chifukwa cha ng'oma. Don Rigoberto anali pafupi kwambiri moti ndinamva mpando wake ukulira pomwe ankatembenuka. Adelmo sanaseke. Anandigwira mutu ndi manja awiri ngati mwana, n'kuutembenuzira kumanzere.

"Mzere womaliza, wachitatu kuchokera kuno. Mwaona toyera tiwiri tikukwera n'kutsika? Wavala magolovesi. Pamzere wonsewo ndi iye yekha."

Ndinationa. Ndinatitsatira mpaka pakona ya msika.

Sabata yotsatira Don Rigoberto anandigwira paphewa. Chipewa sanandipatse, anandipatsa tsache, kuti ndizisesa bwalo la depoti. Makatoni anapatsa mphwake. Diso lamanja anandipala madokotala oyendayenda mwezi wa Febuluwale, n'chifukwa chake ndikutha kulemba, ngakhale zilembo zake ndi zazikulu ngati za pakatoni. Kumsika ena anamva zoona, ena anakonda ya msilikali ija ndipo akuisungabe. Yolibeth anamaliza kalasi yachisanu ndi chinayi ali woyamba. Chithunzi cha wonyamula mbendera wa chaka chilichonse amachipachika mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Nditapita kukatenga satifiketi yake, ndi diso langa latsopanoli, chithunzi cha chaka chimenecho ndinachiona bwinobwino.