Chaka Choyamba Sichifufutika

Mwana wamkazi wa atelala anthu onse mumsewu mwawo ankangomutchula kuti Adokotala, kuyambira ali kamwana. Nayenso dzinalo analikhulupiriratu, mpaka tsiku limene anakakhala pabenchi ya ofesi yosankha ophunzira za udokotala, digiri yake yoyamba ili mu envelopu, nsapato zobwereka kwa azakhali zikumuluma.

Atamuitana, anapeza mayi wamagalasi ali pakati pa milu ya mafayilo. Makalata omuyamikira mayiyo sanawayang'ane n'komwe, inu! Anangosolola pepala la zotsatira n'kuika rula pansi pa mzere woyamba.

"Chaka choyambachi chinatani, mwana wanga?"

"Amayi ankadwala, ndinkawadikirira kuchipatala. Koma taonani m'munsimo, zaka zitatu palibe anandiposa. Maphunziro awiri ndinalepherawo ndinabwereza, ndinakhoza."

"Ndaona. Koma kuno timaphatikiza zonse, zolephera ndi zobwereza zomwe. Bwanji simunadzaze fomu yoimitsa mayeso? Mukanapanda kulemba, apa pakanakhala poyera."

Fomu? Iye kukamwa yasa. Anakumbukira m'mawa wa mayesowo, maso ali psuu, akuuza bambo ake kuti m'mutu mulibe kanthu. Bambowo, tepi ili m'khosi, anamusitira okha bulauzi n'kumuperekeza mpaka pageti. "Banja lino sitithawa mayeso, mama. Kalembe, ngakhale dzina lokha." Ndiye anakalembadi, mwana womvera.

"Nanga ndikalemba kalata yofotokoza?"

"Lembani, koma timawerenga makalata a okhawo amene malikisi awo akwana. Anuwa aperewera pang'ono, ndipo chaka chamawa adzapereweranso chimodzimodzi." Fayilo inapita pamulu wakumanzere, wautaliwo. "Wotsatira!"

Mtsikanayo asanalowe n'komwe pakhomo pawo, mayi wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. "Adokotala afika! Tiyambe liti kudwala?"

Pakhonde makina ankalira. Bambo ake anali akumaliza kusoka chovala choyera cha udokotala, chamatumba akuluakulu, chimene anakhala akuchibisa pansi pa nsalu za makasitomala sabata yonse.

"Akuti bwanji kumeneko?"

Mtsikanayo anayang'ana zala zawo zobayidwabayidwa ndi singano. Za fomu anazimeza.

"Malo adzaza, bambo."

Phazi linaima pamakina. Bambowo anadula ulusi ndi mano n'kukutumula chovalacho.

"Palibe kanthu, mama, chaka chamawa akutenga. Tabwera, tione ngati m'mapewamu mukukwana."

Iye anatembenuka kuti asamuone nkhope, n'kutambasula manja.