Tsiku Lomwe a Pang'ono Analawa Katundu Wawo

Dzina loti a Pang'ono anawapatsa ndi anzawo a pamsewu chifukwa cha kayendetsedwe kawo. Lole yawo inkakwera chitumbira cha pamsewu ngati yanyamula mazira, ndipo madalaivala ena akayamba kuwaimbira hutala kumbuyo, iwo ankangotulutsa dzanja pawindo n'kuwakodola. "Dutsani, akulu," ankatero. "Ine ndanyamula zinthu zosafuna kudzidzimutsidwa."

Zinthu zakezo zinali migolo ya mowa. Ankagwira ntchito pakakampani kakang'ono kofulula mowa, komwe kanali m'nyumba yakale yokonzeramo galimoto, kuseri kwa sitolo ya matayala. Mwini wake anali mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu, woyenda m'magambuti kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Aliyense ankangowatcha Mayi Thovu, ndipo iwo ankavomera bwinobwino.

Mowa wa Mayi Thovu a Pang'ono ankaudziwa ngati mwana wawo. Akagogoda mgolo ndi kachala ankadziwa ngati wadzaza kapena ayi. Ankadziwa mabala omwe amaukonda wakuda, ndi mahotela omwe amafuna woyera. Koma kunena za kulawa, ngakhale dontho silinagwerepo pa lilime lawo. Mowa anausiya ali mnyamata, atangoyamba kuyendetsa galimoto, ndipo si abusa kapena dokotala amene anawaletsa.

"Chiwongolero ndi mkazi wansanje," ankauza ofuna kuwagulira. "Safuna mkazi mnzake."

Kenaka maso anayamba kuwachita chipongwe. Zikwangwani za pamsewu zinkaoneka ngati zamira m'madzi. Tsiku lina masana dzuwa likuswa mtengo anaona thumba litagwa m'mbali mwa msewu, ndipo atayandikira thumbalo linadzuka n'kukwera njinga. Sanamugunde munthuyo, ngakhale kumukhudza ayi, koma anaimika lole pambali. M'mawa mwake anapita okha kwa dokotala wa maso. Dokotalayo anawaunika, kuwawerengetsa zilembo zapakhoma, kenaka n'kuwauza mosapsatira kuti magalasi awathandiza kuyenda ndi kuwerenga, koma za lole aiwale.

Pochoka kuchipatala sanapite kwawo. Analunjika kuntchito, n'kupeza Mayi Thovu atakwera pamakwerero, akuvundula chimera mumphika waukulu wachitsulo, nthunzi ili tolotolo. A Pang'ono anaika makiyi patebulo mwakachetechete, koma makiyi saugwira mtima, analira ndithu. Mayi aja anasuzumira pansi.

"Bambo, makiyi patebulo dzuwa lili pamutu? Lole yafa?"

"Lole ili bwino, mayi. Afa ndi malaiti a dalaivala." Anadziloza m'maso, n'kufotokoza zonse zomwe dokotala ananena.

Mayi Thovu anatsika, n'kupukuta manja pa epuloni. A Pang'ono ankayembekeza mawu achipepeso, ndipo anali atakonzeratu yankho lake.

"Ndiye kuti mawa simukuyendetsa?"

"Mawa, mkuja, mpaka kalekale."

"Mkazi wansanje uja wakusiyani."

"Wandisiya, mayi, ndi katundu yemwe."

"Khalani pansi apo."

Anawakokera mpando pafupi ndi matumba a balere, iwo n'kulowa m'chipinda chozizira. Potuluka anali ndi matambula awiri a mimba zikuluzikulu. Mowa unali m'menemo sunali wakuda, sunalinso woyera. Unali wofiirira ngati thabwa lopaka polishi, ndipo pamwamba panali thovu lokhuthala, looneka ngati mkaka wothira tiyi pang'ono.

A Pang'ono anagwira tambula ija ngati agwira mwana wa eni. Atakumbukira mamwedwe a paunyamata, anaikweza kuti agugude.

"Iii, imani kaye!" anakuwa Mayi Thovu. "Mukuthamangira kuti, inu a Pang'ono eniake? Uwu si wozimitsira moto. Yang'anitsani ku windo kaye."

Anaikweza ku windo. Maso awo ofookawo sankatha kuwerenga zolembedwa pa matumba, koma ichi anachiona bwino: kuwala kutalowa m'tambulamo, mowa uja unasanduka wofiira m'mphepete, ngati khala lomwe latsala pang'ono kuzima.

"Tsopano mphuno."

Ananunkhiza. Poyamba anamva fungo la buledi wongotuluka mu uvuni, uja wopsa bwino m'mbali. Atanunkhizanso kunabwera khofi. Kumapeto kwenikweni, chapatali, kunali kafungo kena komwe ankakadziwa koma dzina lake linkawathawa. Anatsinzina, n'kununkhiza kachitatu.

"Mayi! Si makoko anga aja awa?"

Mayi Thovu anaseka mpaka kudzigwira m'nthiti. Miyezi yapitayo ankawatuma kwa bambo wina wofinya malalanje pafupi ndi siteji ya basi, kukatenga makoko omwe bamboyo ankataya. A Pang'ono ankapita, koma njira yonse akung'ung'udza kuti munthu wamkulu ngati iwo wasanduka wotola zinyalala. Anafika pouza akazi awo kuti abwana ayamba kuzungulira mutu.

"Ndi omwewo," anatero mayiwo. "Ndinawasenda n'kuchotsa choyera cham'kati chija, chifukwa chimawawa moipa. Kenaka n'kuyanika pamthunzi, osati padzuwa. Tsopano imwani, koma pang'ono, muusunge m'kamwa."

Anapsontha. Mowa womwe ankaukumbukira unali wozizira kwambiri, wolasa pakhosi, womwe munthu amameza msanga kuti ayitanitse wina. Uwu unalowa mofatsa ngati mlendo waulemu. Unayamba ndi kutsekemera, koma osati kwa shuga wa mu tiyi. Kunali kutsekemera kwa shuga wopserera pansi pa poto. Asanazolowere, khofi anatulukira n'kukhazikika pakati pa lilime. Atameza anaganiza kuti zatha, koma m'pamene lalanje linadzuka, n'kutsuka m'kamwa monse, kusiya kakuwawa kochepa kochititsa munthu kufuna kubwereza.

Anaika tambula pa bondo, n'kuyang'ana mayi aja nthawi yaitali.

"Mayi, mowa uwu uli ndi magiya."

"Magiya?"

"Eya. Wayamba ndi wani, walowa thuu, kenaka wakoka filii popanda kugwedeza munthu. Amene wausintha magiyayu ndi katswiri."

Mayi Thovu, omwe ankakalipira ogulitsa balere mpaka kuwatulutsa thukuta, anachita manyazi ngati kamtsikana. Anayang'ana magambuti awo, kenaka anayamba kufotokoza. Anati poyamba anathira khofi wambiri, mowa n'kumveka ngati phulusa, ndipo anautaya wonse m'ngalande. Ulendo wina lalanje linachuluka, mowa n'kumveka ngati sopo. Khofiyo sankamuwiritsa, ankamuviika m'madzi ozizira kuti atuluke fungo lokha, ukali utsale. Balere wina ankamukazinga okha, ataima pomwepo osachoka, chifukwa kungotembenuka kuyankha foni ndiye kuti wapserera.

A Pang'ono ankamvetsera, uku akupsontha. Mowa uja utayamba kufunda m'manja mwawo unasinthanso, n'kutulutsa kakomedwe ka mtedza wokazinga komwe poyamba kanabisala. Anayang'ana mapaipi, miphika yonyezimira, pansi potsukidwa mpaka kuwala. M'chipinda chimenechi ankalowamo tsiku ndi tsiku, koma maso awo ankangofuna migolo yodzaza ndi njira yotulukira. Mayi aja ankawaona ngati munthu waphokoso wokonda kutsukitsa anthu ndowa. Lero m'pamene anamvetsa kuti phokoso lonse lija linkathera m'tambula. Anakumbukiranso mwini bala wina yemwe ankaombera m'manja lole ikamafika, iwo n'kumamuseka mumtima kuti ndi chidakwa chabe.

"Ndinkanyamula zimenezi osadziwa," anatero motsitsa mawu.

"Munkadziwa mokwanira," anayankha Mayi Thovu. "Dalaivala amene analipo musanabwere inu ankafika nawo utachita thovu ngati wochapira. Ine ndingaphike bwino chotani, koma wina akaukhutchumula pamsewu, anthu amatukwana ine. Wanu unkafika uli m'tulo."

Atamaliza, mayiwo anafuna kuwathirira ina, koma a Pang'ono anaphimba tambula ndi dzanja. Anati chinthu chabwino sachimwa mpaka kuchiiwala. Ndiye mayiwo anawatsanulira wina m'botolo, kulitseka bwino, n'kulikulunga m'pepala.

A Pang'ono anakwera basi yobwerera kwawo. Dalaivala wake anali wa magazi otentha, wolowa m'maenje ngati ali pa mpikisano, ndipo a Pang'ono anakumbatira botolo lija pachifuwa, phazi lawo lakumanja likuponda buleki yomwe kunalibe.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita zovala pakhonde. Anawauza za dokotala, mayiwo n'kuimika simbi, kukhala pansi. Anakambirana nthawi ndithu, za maso, za magalasi, za zomwe munthu angachite ndi manja awiri abwinobwino. Kenaka mayiwo anakweza mphuno.

"Bambo a ana, mwamwa?"

"Ndalawa."

"Amayamba choncho onse."

A Pang'ono sanatsutse. Anatenga kapu kukhitchini, kuthiramo pang'ono, n'kuipereka. Akazi awo anaiyang'ana ngati muli mankhwala a makoswe, kenaka ananunkhiza. Nkhope inamasuka. Ananyambita, maso ali kudenga.

"Izi wapanga ndi mayi wa magambuti uja? Uja munkati wazungulira mutu?"

"Yemweyo."

"Mwina wozungulira mutu munali inu." Anapsonthanso, n'kutambasula dzanja kutenga botolo lija. "Bweretsani ndisunge ine. Mawa kukubwera achemwali anu, ndikufuna ndione ngati alizindikire lalanjeli. Inu kachotseni zovala pachingwe, zimenezo ndiye mukuziona."