Azuleju a M'nyumba ya Mkamwini

Mlendoyo anafika ku Chidzolomondo dzuwa litapendeka, atasenza thumba lomwe linkalira ngwerengwere ngati muli mbale. Inali nthawi ya nkhondo, masiku amene munthu wachilendo akatulukira kunjira, agalu ndi eni ake ankakhala chete limodzi. Koma uyu analibe mfuti kapena jombo. Anali mnyamata wamtali wovala nsapato za matayala, ndipo anaima pabwalo n'kuomba m'manja ngati wodzapala moto.

Lurdes anali atagwada m'nyumba yatsopano, manja ali bii ndi dothi la kudambo, akuzira pansi. Nyumbayo inali yake koma sankaikonda. Malume ake a Julião anali atamupezera mwamuna kutali ku Ntengo-Wambalame, kumene ankapita kukagula mbewu ya kachewere. Mwamunayo ankati dzina lake ndi Henrique, ndipo Lurdes anali asanamuonepo ngakhale chithunzithunzi chake. Mwamwambo mkamwini amadzimangira yekha nyumba kwa mkazi, koma msewu unali woopsa, ndiye malumewo anangozika mitengo okha, kumata, kufolera, n'kunena kuti pansi pakangotha ndi ukwati basi. Atatero anapita ku Furancungo kukasaka mchere ndi nsalu.

"Odi kuno," anatero mlendoyo. "Ndamva kuti pali nyumba yofuna pansi."

"Pansi ndikuzira ndekha. Mwamva kwa yani?"

"Kwa njira. Njira siisunga chinsinsi."

"Nanga dzina ndinu yani?"

"Masiku ano dzina timasiya kunyumba, mana," anatero, akumutchula mlongo m'Chipwitikizi. "Likayenda ndi mwini wake limamugwiritsa usilikali. Muzingoti a Mesitiri, poti ndine mmisiri."

Anakhuthula thumba pakhonde. Munatuluka zidutswa za azuleju, timiyala tosalala tonyezimira tija Apwitikizi ankamata m'nyumba zawo, tina tabuluu, tina toyera, tina tachikasu ngati duwa la dzungu. Anati anazitola m'kantina ina, sitolo yopsa ya m'njira. Pansi pa zonse panali mwala wophwatalala, chibenthu cha balikau, tebulo limene mwini kantina ankagulitsirapo sopo.

Mtima wa Lurdes unadumpha, koma anaubisa. Iye ankalota pansi ponga pa nyumba ya a Graça, anamwino a ku Furancungo, pa simenti yofiira yopakidwa sera mpaka munthu kumadziona nkhope. Atsikana onse a m'deralo ankalota pomwepo, kungoti simenti inathawa pamodzi ndi shuga.

"Ine ndimafuna pofiira," anatero.

"Pofiira ndi moda yakale imeneyo. Komanso poterera, mwana wanu woyamba adzagwa chagada. Ya tsopano ndi iyi, yoti munthu aziyenda pa maluwa."

Nthawi yomweyo amayi ake a Lurdes, a Alzira, anatulukira kuchokera kumunda, khasu paphewa. Mlendoyo atangowaona anadzambatuka, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, n'kupereka moni ali komweko, nkhope atalozetsa kuphiri. A Alzira anayang'ana miyendo yomwe inkaonekera pansi pa nkhokwe, anayang'ananso zidutswa zija, ndipo pakamwa pawo panachita ngati pakufuna kuseka.

"Agwire ntchito," anatero. "Azigona kumphala. Chakudya chilipo."

Ntchito inayamba m'mawa mwake. A Mesitiri anagumula pansi ponse, anasakaniza dothi la pachulu ndi mchenga wa kumtsinje, n'kutsindira ndi munsi. Akafuna kuona ngati pafanana, ankagoneka botolo la madzi pa thabwa n'kuyang'ana kumene kampweya kathawira. Lurdes ankatsuka zidutswa ndi kuzisankha mitundu, ndipo iwo ankazikanikiza m'dothi chimodzichimodzi, n'kumagogoda pang'ono ndi kamtengo. Pakati pa chipinda panamera maluwa a nyemba. M'mphepete munayenda mzere wabuluu wokhotakhota ngati mtsinje. Mwala wa balikau anauika pa timizati pakona, kuti mbale zisamakhalenso pansi. Pakhomo anayamba kupanga mbalame yotambasula mapiko.

"Mwamuna wanu akadzaona adzati chiyani?" anafunsa a Mesitiri tsiku lina osadzutsa mutu.

"Adzaona ndi maso ake ati? Mwina ndi nkhalamba yopanda mano, yonunkha kachewere wowola."

A Mesitiri anatsokomola mpaka kamtengo kanagwa m'manja.

"Fumbi," anatero.

Apa ndi pamene Lurdes anazindikira tsoka lake. Ankadzuka mofulumira kuti amve mluzu wa a Mesitiri akuchokera kuchulu. Zala zawo zikagundana m'lichero la zidutswa, dzanja lake linkatentha mpaka madzulo. Ndipo chidutswa chilichonse cholowa m'dothi chinkamusendeza kufupi ndi Henrique wosadziwikayo. Pansi pakatha, mmisiri adzasenza thumba lake, malume adzatumiza uthenga, basi.

Choncho anayamba kuba. A Mesitiri akangopita kukatapa dothi, iye ankazula ndi mpeni zidutswa zingapo za phiko la mbalame n'kuziponya mumtsuko wakale kuseri kwa nyumba.

"Nkhuku za kuno zimadya azuleju?" anafunsa a Mesitiri akukanda mutu.

"Za kuno zimadya chilichonse. Nkhondo iyi."

"Ndiye mazira ake adzatuluka abuluu."

Anabwezeretsa phikolo, mawa lake linathothokanso. Sanadandaule. Ankangoimba mluzu, ndipo nthawi zina ankamuyang'ana Lurdes cham'mbali.

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere Lurdes. Munthu wanthabwalayu sankapirira kuona amayi ake. A Alzira akabweretsa chakudya, iye ankatulukira pawindo lomwe linali lisanaikidwe chitseko, ndipo sankadya mpaka atachoka. Tsiku lina anakumana nawo panjira ya kuchitsime, yopapatiza, chimanga uku ndi uku. Anadziponya m'tchire osayang'ana, n'kugwera m'chitedze. Anabwera akudzikanda ngati nyani, khosi lonse litatupa.

Lurdes anamupaka phulusa uku akuganiza zoopsa. Kapena anathawa usilikali ndipo amayi akumudziwa. Kapena anapha munthu. Kapena ali ndi mkazi ku Malawi ndi ana asanu.

"Amayi, kodi munthuyu munamulakwira chiyani?" anafunsa akutongola chimanga.

A Alzira anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. "Mwanawe, maso akulu ngati a ng'ombe, koma kuona ayi."

Malume a Julião anabwera Loweruka masana, njinga ili ndi kathumba ka mchere kumbuyo. Mbalame inali itatsala nthenga za kunsonga zokha, ndipo a Mesitiri anali m'kati akugogoda. Lurdes sanadikire kuti malume amwe madzi. Anagwada patsogolo pawo.

"Malume, ndikhululukireni. Henrique wanuyo sindikumufuna."

"Wati chiyani? Ine ndadutsa m'misewu ya mabomba chifukwa cha ukwati umenewu. Ndapanga nawo chipangano anthu aulemu wawo. Ndiye ukufuna yani?"

Maso a Lurdes okha anapita kunyumba yatsopano, kumene kugogoda kunali kutasiya.

"Mmisiri?" anatero malume, mawu akukwera. "Munthu wopanda dzina, wongotola kunjira? Mlongo, iwe wakhala ukuonerera zimenezi?"

A Alzira anapitiriza kupeta nyemba zawo. "Achimwene, khalani pansi. Lurdes, tandiuza. Anabwera kuno wosoka zidebe, anandithawa? Anabwera wogula fodya, sanadye nane mbale imodzi? Mlendo wamba amapereka moni pamaso. Ndani amabisala kuseri kwa nkhokwe akaona mayi wa mtsikana? Ndani angasankhe chitedze kusiyana ndi kupatukirana nane panjira?"

Yankho Lurdes ankalidziwa chibadwire. Amene amathawa apongozi ndi mkamwini.

Malume anapita pakhomo n'kusuzumira. Kenako anaseka chikhakhali mpaka nkhuku zinabalalika. "Iwe, tuluka. Bambo ako akudziwa kuti uli kuno?"

Mnyamatayo anatuluka, dothi lili m'zigongono, n'kugwada cham'mbali kuti asayang'anane ndi a Alzira.

"Akudziwa, tio," anayankha, akuwatchula malume m'Chipwitikizi. "Zinandichititsa manyazi kuti nyumba yanga andimangire ena ine ndili ndi manja. Ndinati denga landipita, koma pansi pokha ndipange ndekha. Komanso ndinkafuna ndione ngati mwini nyumba angandifune popanda kuuzidwa ndi akuluakulu. Dzina ndinabisa, koma mwambo unandikanika kubisa."

"Miyendo yokha kuseri kwa nkhokwe inanena zonse," anatero a Alzira akulankhula ndi lichero lawo.

Lurdes ananyamuka. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi mtsuko wakale uja, n'kuukhuthula patsogolo pa mnyamatayo. Zidutswa zabuluu ndi zachikasu zinamwazika padzuwa.

"Nkhuku zabweza," anatero. "Malizani mbalameyo. Koma musanagwire kanthu, a Mesitiri, ndinakufunsani funso tsiku lija ndipo simunandiyankhe. Ndikufuna ndimve pakamwa panu. Dzina ndinu yani?"

Mnyamatayo anatola kachidutswa kabuluu, anakapukuta pa malaya, n'kukaika m'dzanja la Lurdes. Anamwetulira, mano onse ali mbee.

"Ndine nkhalamba ya kachewere wowola ija, mana. Henrique."