Misana Pakhomo pa Atelala

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba ili. Ndiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo, amene watidzutsa lero tili ndi mpweya m'chifuwa ndi lilime lotembenuka m'kamwa, pakuti si onse adzuka nalo. Khalani pansi, ndikuuzeni za mayi wina wosoka zovala.

Anthu a mumsewu umenewo ankangowatcha Atelala. Chipinda chakutsogolo ankasokeramo, ndipo kuseri kwa katani yokhuthala kunali kogona, kumene kunali amuna awo. Oyandikana nawo ankangodziwa kuti mkatimo muli wodwala. Chimene sankadziwa n'chakuti wodwalayo anali Mphenzi, woyimba nyimbo za roko uja amene kale gitala yake inkanjenjemeretsa malata a maholo, anyamata n'kumathyola mabenchi ndi chisangalalo. Sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanja, n'kuwakhotetsa pakamwa, moti dovu linkangodzitsikira lokha. Tsiku limene anatuluka m'chipatala anavutika nthawi yaitali kuti atulutse mawu awa: "Asandione chonchi." Atelala analonjeza. Anasamukira kumene sankadziwika, ndipo zaka zinapita anthu akuganiza kuti Mphenzi anapita kunja kapena anamwalira.

Tsoka lake, chimene chinkalekanitsa Atelala ndi malo ometera a Lumo chinali khoma la matabwa, lomveka ngakhale munthu akayetsemula.

M'mawa wina makina osokera akulira, kuseri kwa khomalo kunaphulika gitala. Phazi la Atelala linauma pachopondera. Kulira kumeneko akanakuzindikira ngakhale ali m'manda.

"Achitulutsanso, amwene!" anali mawu a Lumo, wometa uja. "Denga la Malata, chimbale chonse, achitsuka bwinobwino. Tamverani besi mmene ikumvekera!"

"Achitsuka mpaka kuchichotsa mchere," anayankha Sipanala, makaniko wa pagalaja ya pakona. "Tepi yanga yakale inkalira ngati mvula pamalata, ndiye kunali kukoma kwakeko. Ichi chikumveka ngati chavala tayi."

"Makutu ako anadzaza girisi, iwe."

"Ndipo ng'oma azichedwetsa. Nyimbo ya Galimoto Yopanda Mabuleki inkathamanga, osati kuyenda ngati ikuperekeza mkwatibwi."

Kenako kunamveka mawu a Hutala, woyendetsa takisi, munthu amene foni sinkachoka m'manja mwake. "Madala, ine yandinyansa ndi yomaliza yomwe awonjezerayi. Munthu wamkulu kumalira pamaikolofoni, n'kumati tembenukani, tembenukani. Anaiikiramo chiyani?"

Makina ometera anazima. "Iwe unali usanamere mano," anatero Lumo. "Imeneyo ndi Mayi Sanadzuke. Anaipeka mayi ake atamwalira, ndipo sankaimaliza osalira. Tsiku loyamba kuiyimba anatiuza kuti, tembenukani, mwamuna akamalira sayang'anidwa. Holo yonse tinamufulatira, n'kumamuthandiza kuyimba tikuyang'ana kukhomo. Kuyambira pamenepo, nyimbo imeneyo ikangoyamba, tinkatembenuka tokha."

"Ine ndikanatembenuza mutu wokha, foni ikanayang'ana komweko," anaseka Hutala. "Ndipo amene angamupeze mdalayo lero, kaya ali bwanji, kanema wake angazungulire dziko lonse dzuwa lisanalowe."

Atelala anayang'ana kukatani. Ankamudziwa Hutala. Ndiye anajambula gogo wina atagwera mungalande buluku litavuka, ndipo msewu wonse unaseka mpaka gogoyo anasiya kutuluka m'nyumba.

Pomwepo kuseri kwa katani kunayamba kumveka ngo, ngo-ngo, ngo. Atelala anathamangirako. Amuna awo anali atagwira supuni ndi dzanja lamanzere, akumenya chitsulo cha bedi motsatira nyimbo, maso ali psuu, phala litayenderera pachibwano.

"Bambo, chonde," ananong'ona, atawagwira dzanja. "Akumvani."

Kuseri kwa khoma nyimbo inatsitsidwa. "Ndani akumenya chitsulo?" anafunsa Sipanala. "Ameneyo akuidziwa. Akumenya mmene inkathamangira kale."

Tsiku lonselo Atelala anasoka mokhota. Anamasula msoko umodzi katatu, n'kudzibaya singano pachala.

M'mawa mwake Sipanala anabwera ndi ovolosi yong'ambika pabondo, chikuto cha chimbale chija chili m'thumba la shati. Ankachitulutsa paliponse ngati chithunzi cha mwana wake.

"Mayi, mungoika chigamba, za kukongola ayi. Mwaona izi? Aikamo ndi zithunzi zakale zomwe sitinazionepo." Anatambasula kapepala ka mkati. "Uyu ndi mkazi wake, akuti ndiye ankamusokera majekete aja. Taonani kachipsera pachibwano, ndi mpata wa m'mano..."

Sipanala anasendeza kapepalako pafupi ndi maso. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana Atelala, kenako anayang'ana katani. Atelala anatseka pakamwa ndi dzanja, koma madzi anali atatayika kale. Sipanala anavula chipewa, n'kutuluka chafutambuyo, ovolosi ataisiya pansi.

Atelala anakhoma chitseko masana dzuwa likuswa mtengo. Anaganiza zothawa, koma munthu wa pachikuku ungathawe naye kupita kuti, ndipo ungakwere takisi ya yani? Anagwada pakati pa zidutswa za nsalu. Pemphero lawo silinali lokonzeka bwino ngati la pa guwa. Ankangobwereza kuti, "Ambuye, Inu amene munasokera zovala makolo athu oyamba atazindikira kuti ali maliseche, mufunditseni mwamuna wanga. Ine nsalu yandithera."

Kuseri kwa khoma kunali zii. Nyimbo sinalire, ngakhale kuseka sikunamveke, koma manong'onong'o okhaokha ndi mapazi olowa ndi kutuluka. Bata limenelo linawaopsa kuposa gitala ija. Aliyense wodutsa pawindo ankaoneka ngati wanyamula foni. Kasitomala wina anagogoda kufuna diresi lake, iwo anangokhala chete ngati mulibe munthu.

Loweruka masana, akuwamwetsa amuna awo phala, anamva msewu ukudzaza. Kunali mapazi ambiri, njinga zamoto zikuzima, munthu akutsokomola. Anasuzumira pampata wa katani ya pawindo. Panali anthu ochuluka ndithu, ambiri a imvi ndi madazi, ena atavala majekete achikopa amene sankatsekanso pamimba, amayi ena atagwira matepi akale pachifuwa. Kutsogolo kunali Lumo ndi Sipanala. Pambali pawo panali Hutala, foni ili m'mwamba.

Kunamveka kugogoda. Supuni inagwa m'manja mwa Atelala, phala n'kutayikira pashati ya amuna awo.

"Alamu!" anaitana Lumo. "Pepani, tikutchani alamu, chifukwa ameneyo ndi mbale wathu ngakhale satidziwa. Sitinabwere ndi nkhondo."

"Kuno kulibe munthu amene mukumufuna," anayankha Atelala. "Kuli wodwala. Pitani, ndakupemphani m'dzina la Mulungu."

"Tingomupatsa moni, alamu. Ena achokera kutali."

Chitsekocho chinali cha matabwa opyapyala, ndipo loko wake mwana akanamuthyola ndi phewa. Atelala anachitsamira ndi msana. Anayang'ana amuna awo, amene anali pachikuku katani itatseguka: shati yonyowa, dzanja lopinimbira pamwendo, diso limodzi likutuluka misozi. Anawaona mmene foni ikanawaonera, mmene akanawaonera anthu osawadziwa, akuseka m'mabasi ndi m'maofesi.

Bambowo anatola supuni pamwendo pawo, n'kuloza chitseko.

"Ayi, bambo. Munandilumbiritsa nokha."

Analozanso. Milomo inagwedezeka, mitsempha ya pakhosi inatuluka, koma mawu anakana. Anamenya chikuku ndi supuni kawiri, ndi ukali umene Atelala ankaudziwa kuyambira ali mtsikana. Atelala anawapukuta pachibwano, anawafunditsa nsalu ya kasitomala pashati yonyowayo, n'kutsegula chitseko pang'ono, iwo ataima pampatapo kuti atseke ndi thupi lawo.

Khamu linasendera kutsogolo. Makosi anatalika. Foni ya Hutala inakwera pamwamba pa phewa la Atelala.

Pamenepo kuchokera mumdima wa chipindacho munatuluka mawu okhota, olemera ngati akukokedwa m'chitsime.

"Te... mbe... nu... kani."

Lumo ndiye anayamba. Anatembenuka pomwe anaimapo, n'kuyang'ana kumsewu. Sipanala anatsatira. Kenako mmodzimmodzi, madazi ndi imvi, majekete ndi mipango, onse anafulatira chitseko, mpaka Atelala ankangoona misana yokhayokha. Anakumbukira ana awiri aja a m'Malemba amene anayenda chafutambuyo ndi chofunda kuti asaone manyazi a bambo awo.

Anatsala Hutala yekha, nkhope ndi foni zikuyang'anabe kukhomo. Atelala anamuyang'ana m'maso. Analibe mphamvu yomulanda foniyo. Anangotambasula dzanja lawo, lija lobayidwa singano.

"Hutala," anatero Lumo osacheuka, "ukangodina pamenepo, mutu wakowo uzikameta ndi botolo."

"Ndipo takisi yako ikadzafa, udzaikankhe wekha mpaka kumanda," anawonjezera Sipanala.

Palibe anaseka. Hutala anayang'ana misana yonseyo, n'kuyang'ana dzanja la mayiwo. "Sindinajambule kanthu, amayi," anatero motsitsa. "Onani nokha." Anaika foniyo m'dzanja lawo. Atelala anaiponya m'chitini cha mabatani, n'kutseka chivindikiro. Hutala anatembenuka.

Atelala anakankha chikuku mpaka pakhomo, dzuwa n'kuwawomba amuna awo kumaso koyamba m'zaka zambiri. Lumo anayambitsa Mayi Sanadzuke ndi mawu osasa ngati chitseko cha galaja, ena n'kulandira. Kunena zoona, ankayimba moipa. Ena anali patsogolo, ena pambuyo, wina ankalira m'malo moyimba. Ndiye supuni inayamba: ngo, ngo-ngo, ngo, pachitsulo cha chikuku, kuwakokera onse pamzere umodzi ndi kuwafulumizitsa.

"Mwamva?" anafuula Sipanala pakati pa nyimbo, akuyang'anabe kumsewu. "Ndimanena ine kuti azichedwetsa! Mwini wake ndi uyo!"

"Khala chete uziyimba, iwe," anatero Lumo.

Bambowo analira mpaka nyimbo inatha, dovu ndi misozi zikusakanikirana, ndipo amene anaona nkhope yawo anali mkazi wawo yekha, amene ankawapukuta ndi m'mphepete mwa nsalu ija. Anthu anabalalika osacheuka. Hutala anachita kubwera Lolemba kudzapempha foni yake, ataima panja, akuyang'ana kumsewu.

Inu amene mwakhala nane mpaka pano, Ambuye akusungeni. Pa tsiku limene mphamvu zanu zidzathe, akupatseni dzanja lokupukutani ndi anthu odziwa kuyang'ana kumbali, ndipo chofunda chake chisachoke pa inu ndi pa a m'nyumba mwanu. Ameni.