Njati za pa msewu wa ku Melton

Dorica analongedza chikwama cha bambo ake monga amalongedzera cha wodwala aliyense wa muwodi yake kuchipatala: majuzi, Baibulo, mankhwala. Ankayembekezera kuti mtima umupweteka, koma sunapweteke. Unangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali.

Bambo akewo, a Willard, anakulira m'banja la alenje ku Kasungu, asanabwere kuno kutsidya la nyanja kudzanyamula makatoni ku Corby. Tsopano matenda oiwala anali atawadya mutu. Dzina la Dorica linawathawa chaka chatha, ankangomutcha Eston, mnzawo wa kutchire amene anamwalira kalekale. Sabata yapitayo, iye ali kuntchito, anthu anawatola pasiteji ya basi ku Spinney Hill, opanda nsapato, kuli chisanu. Ndiye tsikuli Dorica amakawasiya kunyumba yosungira okalamba kufupi ndi Melton. Akutchalitchi anali atayamba kale zonong'ona, omwewo amene sanabwerepo n'kamodzi komwe kudzawasambitsa.

Dorica anawauza bambowo kuti akupita kokawongola miyendo.

Atapitirira tauni ya Syston, a Willard anamenya galasi la galimoto. "Ima!"

Kuseri kwa mpanda wa waya kunali zinyama zakuda, zaubweya, zamalinunda. Inali famu yoweta njati za ku America.

"Adadi, tichedwa," anatero Dorica, koma anaimitsa galimoto.

Munthu amene ankalephera kumanga mabatani anatsika yekha, nanyonyomala pampanda. Anazula udzu wouma, naufikisa, nauwaza m'mwamba.

"Mphepo ikuchokera kwa izo. Tili bwino, Eston. Khala pansi, iwe, waima ngati mlongoti bwanji?"

Dorica ananyonyomala m'matopemo.

"Nyanga zake n'zachibwana, koma ndi njati ndithu. Maso siziona patali, mphuno ndiye usaseweretse. Uziyang'ana mchira. Ukalendewera, ikudya. Ukaima, funa mtengo wokwera."

Mawu awo anali akale aja, olimba, amene ankamuphunzitsa nawo kupalasa njinga. Dorica anawamva bwinobwino, nadikira kuti china chake chigwedezeke m'chifuwa. Kunali zii.

"Pagulu suwombera ayi. Yaikazi yatukula mutuyo ndiye mlonda, ikangokununkhiza, basi, wagona ndi njala. Yako ndi iyo."

Analoza kumapeto kwa munda, kumene kunaima yamphongo imodzi payokha, ubweya ukusosoka ngati bulangete lakutha.

"Yakalamba imeneyo. Gulu likamayenda imatsalira pang'ono, mawa pang'ono, tsiku lina imangotsaliratu."

"Zinzake zimaithamangitsa?" anafunsa Dorica. Sanadziwe chimene anafunsira.

"Ayi. Zili ndi ana, madzi ali kutali. Zingadikire mpaka liti? Palibe wolakwa pamenepo." Anapukuta manja pathalauza. "Iwe umangofatsa mpaka gulu litsike chitunda. Usachite phuma. Silibwereranso."

Anakhala choncho kanthawi. Malole ankadutsa kumbuyo kwawo. Gulu lija linayamba kusunthira kumunsi, kumene mwini famu anathira udzu, koma yamphongo ija sinatukule n'mutu womwe.

A Willard anadzuka, maondo akulira, nabwerera kugalimoto. Anayang'ana chikwama chija pampando wakumbuyo, nachiyang'anitsitsa. Kenako analowa, nadzimanga lamba okha, zimene anali atasiya kalekale.

"Tiye, Dorica," anatero. "Usawachedwetse anthuwo."

Dorica anakhala chigwirire kiyi. Matope a m'maondo anali atalowa mpaka pakhungu, ndipo tsopano ndi pamene anamva kuzizira kwake.

"Ndibwera Loweruka, adadi."

"Eya," anatero a Willard, maso ali panjati ija.